Mmene Ndinathamangitsira Mkamwini M'nyumba ya Bambo Ake

Pali tawuni imodzi kuno ku England kumene ndimapemphera kuti galimoto isadzandifere, ndipo dzina lake ndi Corby. Si kuti anthu akumeneko ndi oipa ayi. Kungoti kuli msewu wina umene anthu ake onse, ndi agalu omwe, anandiona ndikuthamanga pamvula nditavala ngati wotsogolera maliro a bwana wamkulu, ndikuitana dzina la mwana wa eni ake. Akazi anga amaikonda nkhaniyi, ndipo akamaikamba kwa amayi anzawo a kutchalitchi amaithira mchere wambiri. Choncho ndaona kuti bola ndiifotokoze ndekha momwe inayendera.

Zinayamba ndi foni yochokera ku Mchinji. Anali mlongo wanga, mayi ake a Tadala. Tadalayo ndi nesi pachipatala china muno mu Leicester, ndipo anali atapeza mwamuna.

"Achimwene, mwanayo ndi wanu," anatero mlongo wanga. "Bambo ake anatisiya kalekale, ndipo ine kumeneko sindingafike. Mukakumane ndi akuchimuna monga malume wake. Koma chonde, musakatichititse manyazi."

Ndinamuyankha kuti asadere nkhawa, nkhani ili m'manja mwa munthu wodziwa zinthu. (Mawu amenewa amandikumbutsabe akangoimba foni.)

Mnyamatayo ndi Craig, mzungu wa ku Corby, wokonza mapaipi a gasi m'nyumba za anthu. Ndinali nditamuonapo kutchalitchi kwathu: wamtali, wamanyazi, woti ukamupatsa ndiwo za tsabola amadya mpaka misozi koma n'kumati zakoma. Iye ndinalibe naye vuto. Vuto linali langa. Ndakhala m'dziko muno zaka zoposa khumi, ndipo m'nyumba za azungu ndalowamo zambiri, koma kukasambitsa okalamba, kukawamwetsa mankhwala ndi kukasintha zofunda. Kukhala pampando ngati mlendo n'kumakambirana za ukwati ndinali ndisanachitepo. Za kwathu ndimazidziwa bwino. Koma azungu akamakwatitsa mwana, malume amaima pati? Amayamba ndi mawu oti chiyani? Zimenezi zinkandisowetsa tulo.

Kunyumba yosungirako okalamba kumene ndimagwira ntchito, nthawi imeneyo Lamlungu lililonse pa TV pankaonetsedwa sewero la magawomagawo, lochokera m'buku lakale kwambiri limene ana a kuno amawerenga kusukulu. Mukuwadziwa masewero amenewa: atsikana a madiresi okwekwa pansi, anyamata a ndevu za m'masaya, mahatchi, nyumba zazikulu ngati chipatala cha boma, ndipo aliyense ntchito yake ndi imodzi, kufunafuna banja. Okalamba athu ankalikonda koopsa. Nthawi yake ikakwana, ngakhale amene akana kudzuka tsiku lonse ankapempha kuti tiwakankhire kuchipinda cha TV.

Ine ndinkangoliona mwa apo ndi apo ndikugawa tiyi, mpaka tsiku lina ndinaima ndi thireyi m'manja. Mtsikana wa m'seweromo analibe bambo, ndipo womuyang'anira anali malume wake. Ndinati Mulungu wandiyankha.

Ndinanyonyomala pafupi ndi agogo Maureen, mayi wokalamba kwambiri koma wa mutu wakuthwa kuposa tonsefe, n'kuwafunsa monong'ona: "Agogo, kodi mmene akuchitiramu ndi mmene mumachitira mukamakwatitsa mwana?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "M'mabanja olongosoka, inde," anatero. "Tsono tachoka, ukunditchinga."

Umboni unakwanira pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo ndinkaonera magawo onse pafoni, m'basi yochokera ku Beaumont Leys, popita kuntchito ndi pobwera. Ndinaphunzira kuwerama. Ndinaphunzira kuti dzanja la mayi wapakhomo sugwira chanza, umalipsompsona, ndiponso kuti munthu waulemu amafunsa za minda ndi mahatchi a akuchimuna. Koma chimene chinandigwira mtima chinali gawo limene mnyamata anapita kukapempha mbeta. Malume uja anaimirira, manja kumbuyo, n'kupita pazenera. Anayang'ana kunja kwa nthawi yaitali. Kenako anatembenuka, n'kumukana mnyamatayo mokweza mawu, n'kumuuza kuti atuluke m'nyumbamo. Mnyamata anatuluka, anakwera hatchi pamvula, koma gawo lotsatira anabweranso chikondi chitawirikiza.

Ndinamvetsa nthawi yomweyo. Kodi ife pachinkhoswe sitiyamba tatulutsa atsikana ena ofunditsidwa nsalu kuti mkamwini atuluke thukuta pang'ono? Suja akuchikazi amati pitani kaye, mudzabwerenso kudzamva yankho? Ndinati azunguwa ndi anzathu ndithu, kungoti iwo amakana moopseza. Gawo lomaliza lokha ndi limene sindinaone, chifukwa linali loti lionetsedwa madzulo a Lamlungu lomwelo limene tinapangana kukumana. Ndinaona kuti palibe kanthu, zofunika ndinali nditatola kale.

"Bambo a Yamikani," anatero akazi anga atandipeza ndikuweramira firiji kukhitchini, "bwanji osangomufunsa Tadala mmene anthuwo amachitira?"

"Malume safunsa mwambo kwa mwana," ndinatero.

"Chabwino. Koma firijiyo yakuyankhani?"

Mwamwambo wathu akuchimuna ndi amene amayenera kubwera kwa ife. Koma timakhala pamwamba penipeni pa mdadada wa nyumba zosanjikizana, chikepe chinali chitafa, ndipo bambo ake a Craig ali ndi vuto la bondo. Tinagwirizana kuti ife ndi amene tipite kwawo kukadya chamasana. Mfundo imeneyi, yoti nyumbayo inali yawo, ndi imene inadzandithawa m'mutu pa nthawi yofunika.

Loweruka ndinapita kusitolo yobwereketsa zovala za ukwati, n'kusonyeza bambo wa pakauntala chithunzi cha malume uja. Anandipatsa jekete ya mchira ngati wa namzeze, kolala youma yofika m'makutu, nsapato zonyezimira, ndi chipewa chachitali ngati ndowa. Anandifunsa ngati ndikukachita sewero. Ndinati ayi, ndi nkhani ya pabanja. Anagwetsa nkhope n'kundipepesa chifukwa cha zovutazo. (Apa munthu wanzeru akanaima kaye n'kuganiza.)

Chipewacho sichinkakwana m'galimoto chili kumutu, choncho akazi anga anachinyamula pamiyendo ngati keke. Tinayenda kuchokera mu Leicester mpaka ku Market Harborough. Pamenepo ndi pamene anati, maso ali kutsogolo: "Ine tikafika ndinena kuti ndangokupezani panjira."

Ndinkayembekeza geti lalikulu ndi mitengo iwiriiwiri m'mbali mwa njira. Tinapeza nyumba yogundana ndi inzake, mabini pakhomo. Anatsegula chitseko ndi a Doug, bambo ake a Craig, oyendetsa makina onyamulira katundu kumaweyahausi. Anavala kabudula, malaya a timu ya mpira ndi masilipasi. Anandiyang'ana kuchokera kunsapato mpaka kuchipewa, ndipo ulendo umenewu unawatengera nthawi.

Ndinawerama monga ndinaphunzirira. Iwo, poganiza kuti ndi mwambo wa ku Malawi, anaweramanso. Mitu inagundana, chipewa chinagwa n'kugubudukira m'nyumba, ndipo galu wawo anachithamangira. Pofuna kukonza zinthu ndinatembenukira kwa mayi Sheila, mayi ake a Craig, amene anangotuluka kukhitchini, n'kugwira dzanja lawo kuti ndilipsompsone. Dzanjalo linali m'chigolovesi chotulutsira mbale mu uvuni. Ndinapsompsona chigolovesicho. Chinali ndi mafuta a nkhuku.

Tadala anali atafika kale m'mawa. Anandiyandikira n'kunong'ona m'Chichewa: "Amalume, kodi kwagwa zovuta?"

"Khala phee, uone mmene akuluakulu amachitira," ndinatero.

Patebulo ndinayamba nkhani zaulemu. "Mahatchi anu ali bwanji, bambo?"

A Doug anasiya foloko. Chingelezi chawo ndi cha ku Scotland, monga anthu ambiri a ku Corby, moti ndinkatola mawu amodzi pa atatu. "Anga? Amene ndinasankha dzulo mpaka pano akuthamangabe."

Sindinadziwe kuti akunena za kubetcha pa mpikisano wa mahatchi. Ndinawapepesa kwambiri, n'kuwalimbitsa mtima kuti apezeka, nyama siiwala kwawo. Nditafunsa za minda, anandilozera pazenera kakapinga kofanana ndi mphasa ziwiri, ndi kashedi kosungiramo njinga. Ndinagwedeza mutu ngati munthu wokhutira. Pansi pa tebulo akazi anga anali atandiponda kale phazi mpaka chala chachikulu chinachita dzanzi.

Titatha kudya tinasamukira pabalaza. Craig anali atatuwa. Anabwera patsogolo panga, n'kugwada mawondo onse awiri pakapeti, n'kuomba m'manja pang'onopang'ono. Kenako anatsegula pakamwa n'kuyankhula chilankhulo chathu.

"Amalume," anatero, liwu lililonse akulikoka ngati thumba la simenti, "nabwela kupempha. Nifuna kukwatila Tadala. Nimukonda maningi."

Chinali Chinyanja cha ku Zambia, chimene mnzake wina wa kuntchito anamuphunzitsa, koma chinandifika pamtima. Tadala anali akupukuta misozi. Mayi Sheila anagwira pachifuwa. Ine ndinatsala pang'ono kumudzutsa n'kumukumbatira, ndipo ndikanatero nkhani ino sikanakhalapo. Koma ndinati mwana wa eni ake walemekeza mwambo wathu, nanenso ndiyenera kulemekeza wawo.

Ndinaimirira. Ndinaika manja kumbuyo n'kupita pazenera. Ndinayang'ana mabini a anthu oyandikana nawo kwa nthawi yaitali. Kunja mvula inali itayamba, ndipo ndinaona kuti ngakhale kumwamba kukugwirizana nane. Ndinatembenuka, n'kunena m'Chingelezi chakale chija chimene ndinaloweza m'basi:

"Ndikali moyo ine, zimenezo sizidzatheka. Mwana wa mlongo wanga si wa msinkhu wako. Tuluka m'nyumba muno, ndipo usadzapondenso pakhomo pano."

Ndinaloza chitseko ndi dzanja lonse, monga ankachitira malume uja.

Galu yekha ndi amene ankamveka akutafuna chipewa kuseri kwa sofa. Craig anandiyang'ana, anayang'ana Tadala, anadzuka pang'onopang'ono n'kutuluka, opanda jekete, foni atasiya patebulo. Chitseko anatseka mwaulemu.

A Doug anakanda m'mutu. Ulendo uno ndinamva mawu awo onse. "Mnzanga, nyumba inotu ndi yanga."

"Amalume," anatero Tadala, mawu ali pansipansi, "mwamwa chiyani?"

Ndinamutsinzinira diso. "Usadandaule, abweranso. Ndi mwambo wawo."

"Mwambo wa ndani?"

Ndinafotokoza zonse, poyamba monyadira, kenako mawu akunka nachepa. Nditatchula dzina la sewerolo, mayi Sheila anakhala pansi mwadzidzidzi.

"Buku limenelo tinawerenga kusukulu," anatero. "Malume ameneyo ndiye munthu woipa wa nkhani yonseyo. Mtsikanayo ankamukaniza kukwatiwa kuti amudyere chuma. Kumapeto amagwa pahatchi n'kufera mu dzenje, ndipo mudzi wonse umachita phwando."

"Komanso," anawonjezera a Doug, "zimenezo ndi za nthawi ya agogo a agogo athu. Ine ndinapempha Sheila tili pamzere wogula tchipisi."

Akazi anga anaphimba nkhope ndi mpango wawo, mapewa akugwedezeka. Mpaka lero amati ankapemphera.

Tadala sanalire, ndipo bola akanalira. Anatenga foni yake n'kuiika pabondo. "Amalume, Craig ndi munthu woti akamva mawu amawatenga momwe alili. Anauzidwa kuti kwathu malume akakana ndiye kuti zatha. Mukapanda kubwera naye, ndiimbira amayi pavidiyo pompano kuti akuoneni ndi mchira wanuwo, muwafotokozere nokha."

Apa ndi pamene mantha enieni anandigwira. Si za vidiyo zokha ayi. Ndinaona nkhope ya mwana amene ndinamunyamulapo ali khanda, ndipo ndinazindikira kuti ndikhoza kukhala nditamuphwanyira banja chifukwa cha sewero la pa TV. Ndinalanda chipewa kwa galu (sindikudziwa chifukwa chake, mwina poti chinali chobwereka) n'kutuluka liwiro.

Nsapato zobwereka zija pansi pake n'poterera ngati sopo. Ndinatsetsereka pakona yoyamba n'kugwira bini. Ndinathamanga msewu wonse, mchira wa jekete ukuuluka, ndikuitana Craig. Makatani ankatseguka nyumba ndi nyumba. Mayi wina wachikulire amene ankayendetsa galu wake anaima, n'kuweramitsa mutu, n'kundifunsa kuti wamwalira ndani. Ndinati palibe, koma mwina ine madzulo ano. Anandilozera kumene anaona mnyamata wamtali akuyenda opanda jekete.

Ndinamupeza pakashedi kodikirira basi, kutsogolo kwa masitolo, atakhala manja ali kumaso. Lamlungu basi za kumeneko zimabwera mwa apo ndi apo, ndipo nthawi yokhayi ndinathokoza Mulungu chifukwa cha zimenezo.

"Craig, mwana wanga," ndinatero ndikupumira m'mwamba, "tiye tibwerere."

Anaimirira mwaulemu, maso ali ofiira. "Ndamva, amalume. Sindilimbana nanu. Mnzanga Tembo anandiuza kuti mawu anu ndi omaliza. Ndingopempha kuti mundiuze chimene ndalakwa. Kodi ndi Chinyanja changa?"

Ndinayesa kufotokoza, koma nkhani ya mahatchi ndi agogo Maureen sinkamveka ngakhale kwa ine ndemwe. Iye ankangondiyang'ana ngati akuganiza kuti ndikumuyesanso kachiwiri. Ndinaona kuti mawu andithera, ndipo kwathu mawu akatha munthu amatsika pansi. Ndinagwada pamadzipo, chipewa chotafunidwa chija chili pachifuwa, n'kugwira dzanja lake ndi manja anga awiri.

"Ndapota nawe," ndinatero. "Ndine chitsiru. Ndikufuna ulowe m'banja langa. Vomera."

Sindinaone kuti pakhomo pa sitolo panaima anthu obisala mvula. Taganizirani zimene anaona iwo: bambo wa imvi, wovala zaukwati, atagwada pamaso pa mnyamata wolira, atamugwira dzanja. Mayi wina anayamba kuomba m'manja. Ena anatulutsa mafoni. Bambo wina wonenepa, atanyamula mkaka, anafuula kuti, "Muvomere, mnyamata iwe, wanyowa mokwanira!"

Craig anayang'ana anthuwo, anandiyang'ana ine, ndipo pakamwa pake panayamba kunjenjemera. Anaseka mpaka anakhalanso pansi. Atapeza mpweya anapukuta m'maso n'kunena mawu amodzi amene Tembo anamuphunzitsa bwino: "Inde."

Anthu onse anaomba m'manja. Woyendetsa galimoto wina analiza hutala. Mayi woomba m'manja uja anabwera kudzatifunira mafuno abwino pa ukwati wathu, ndipo ine ndinalibe mphamvu zomutsutsa. Ndinangothokoza.

Tinabwerera titagwirana mapewa, tonse tili chonyowa. Tadala anathamangira Craig, ine anandidutsa ngati mtengo wa magetsi. Mayi Sheila anati sindingakhale pasofa pawo ndi zovala zodontha, choncho a Doug anandibwereka zawo. Nkhani ya ukwati wa mwana wa mlongo wanga ndinaimaliza nditavala kabudula wa a Doug ndi malaya a timu imene sindiidziwa n'komwe, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda. Inatenga nthawi yochepa kuposa kumwa kapu ya tiyi. Ine ndinati tavomera, a Doug anati zikomo, basi. Mlongo wanga atatiimbira pavidiyo anayang'ana maondo anga n'kufunsa kuti, "Achimwene, ndiye mwapita kwa eni ake mutavala chonchi? Suti munalibe?" Onse anangogwa ndi phwete.

Madzulo amenewo tinaonera limodzi gawo lomaliza lija. Malume atagwa pahatchi, a Doug anandisisita pamsana n'kundiuza kuti ndilimbe mtima.

Lolemba ndinapita kwa agogo Maureen ndi mlandu wanga. Anamvetsera nkhani yonse osaphethira. "Ndinati m'mabanja olongosoka," anatero. "Kodi ndinakuuza kuti ndinaonapo banja lolongosoka? Ine ndinakwatiwa nthawi yopuma kufakitale ya masokosi, bambo anga anamva mawa lake." Kenako anaitana anzawo kuti ndibwereze pamene panali pa basi paja, ndipo ndinakhala ndikuibwereza sabata yonse, chipinda ndi chipinda.

Ukwati unachitika, ndipo unali wabwino. Pa mndandanda wa oyankhula dzina langa linalipo, koma pambali pake Tadala anaikapo akazi anga kuti aime nane, atagwira waya wa maikolofoni.

Ndinalumbira kuti sindidzaphunziranso mwambo wa anthu pa TV, ndipo ndinkanena zoona. Kungoti mwezi wathawu mwana wathu Yamikani, amene ali kuyunivesite ku Loughborough, anabwera kunyumba ndi mtsikana wina wa ulemu wake, wa banja la Amwenye a muno mu Leicester, ndipo makolo ake atiitana kuti tikadziwane. Sindikuphunzira kanthu ayi, ndangoonerako mafilimu awo angapo kuti ndizolowere nkhope. Koma ndaona kuti kumeneko bambo wa mnyamata salowa m'nyumba chongoyenda, amalowa akuvina. Akazi anga abisa rimoti, moti kuvina kogwedeza mapewako ndikuyesera kubafa.